Vinyo wa ku Cape: dzina la dera pa botolo limasintha chani?

Mnyamata_wa_Tsangano
Akuluakulu ndithandizeni. Miyezi isanu tsopano ndikugwira pa lesitilanti ina kuno ku Cape Town, ntchito yanga yakhala yongonyamula mbale kuchoka kukhitchini kupita patebulo. Pano manijala akuti akufuna andiyese uweyitala koma ndiyambe ndadziwa vinyo, nde wandipatsa menyu ya masamba anayi, maina okhaokha, Stellenbosch, Swartland, Elgin, Robertson, Hemel-en-Aarde, ndipo wandipatsa masabata awiri basi. Funso langa ndi loti kodi vinyo si vinyo yemweyo? Botolo lina tikugulitsa R180 lina R1,400 chonsecho onse ndi ofiira, onse ndi a dziko lomwe lino. Dzina la dera lija likusintha chani? Kwathu ndinkangodziwa wa m'bokosi timagula pa ukwati uja. Amene mumadziwa ndifotokozereni m'Chichewa chonde, mwayi umenewu sindikufuna undiphonye.

Kapitawo77
Palibe chimasintha mphwanga, ndi geni chabe. Ine zaka zambiri ndakhala ndikukolola mphesa, Rawsonville, Robertson, De Doorns konse ndadutsa. Mphesa ndi mphesa. Olemera amagula dzina.

Nangozo_Franschhoek
Ayi a Kapitawo musamusokoneze mwana pa ntchito yake. Achimwene, inu mukuti kwanu ndi ku Tsangano eti? Ndikufunseni, kachewere wa kwanu kuja ndi chimodzimodzi ndi amene wina angayese kudzala ku Nsanje? Nanga mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, bwanji anthu amalolera kuwonjezera ndalama pomwe mpunga wina uli pompo pamsika? Nkhani yake ndi yomweyo.

Ine ndagwira patebulo zaka 9 ndipo zimene ndimawauza anyamata atsopano ndi izi, musaloweze maina ngati mayeso a Sitandade 8, ingodzifunsani funso limodzi pa dera lililonse, kodi lili pafupi bwanji ndi nyanja kapena lili pamwamba bwanji. Minda pafupifupi yonse ili ku Western Cape chifukwa kuno mvula imagwa nthawi yozizira, Meyi mpaka Ogasiti, kenako chilimwe chimakhala chouma nde mphesa zimapsa bwino osaola. Kwathu ndi zosemphana, mvula imagwa nthawi yotentha. Komanso nyanja ya kumadzulo kuno ndi yozizira kwambiri, amene munaviikako phazi ku Camps Bay mukudziwa, ndiye mphepo yochokera kunyanja imaziziritsa minda.

Tsono madera ozizira ndi monga Constantia, Durbanville, Elgin kumene amalima maapozi kuja, Hemel-en-Aarde kuseri kwa Hermanus, ndi Elim kufupi ndi Cape Agulhas. Kumeneko mphesa zimapsa pang'onopang'ono, vinyo wake amakhala wowawasa bwino wopepuka mkamwa, nde mukaona Sauvignon Blanc, Chardonnay kapena Pinot Noir wodula kawirikawiri wachokera kumeneko. Stellenbosch ili pakatikati, mapiri a Simonsberg ndi Helderberg, kwawo kwa Cabernet Sauvignon wofiira wolemera woyenda ndi nyama yang'ombe. Paarl kumatentherako. Swartland, cha ku Malmesbury ndi Riebeek-Kasteel, kotentha kouma, kwa tirigu, kumeneko ndi Chenin Blanc ndi Shiraz. Mukadutsa mu Huguenot Tunnel pa N1 kutulukira kuseri kwa mapiri mwafika ku chigwa cha mtsinje wa Breede, Worcester, Rawsonville, Robertson, ulimi wa mthirira, zokolola zambirimbiri. Wa m'bokosi wambiri ndi burande zimachokera uko, komanso ku Vredendal ku mtsinje wa Olifants ndi ku Upington ku mtsinje wa Orange.

Mnyamata_wa_Tsangano
Achemwali zikomo kwambiri, za kachewerezo ndamva msanga. Ndakopera zonse mu foni.

Kapitawo77
Mwalemba bwino mayi koma ine ndinaona ndi maso anga lole ikunyamula mphesa za pa famu imodzi, zina kupita ku koparetivi zina kupita kwa bwana wina wa botolo lodula. Munda womwewo. Nde mundiuza chani

Mbewe_Robertson
A Kapitawo zimenezo zimachitikadi koma funsani kuti zinachokera mu bloko iti. Pa famu yathu pali mizere ya mmunsi kufupi ndi mtsinje, dothi lakuya, madzi ambiri, phava lililonse lonenepa, imeneyo imakololedwa ndi makina usiku ndipo imapita ku thanki yaikulu. Kenako pali kabloko kena kumtunda pa miyala ya laimu, mitengo yake imabereka pang'ono, tinthu ting'onoting'ono, ndipo kumeneko mu Disembala amatituma kukadula mphava zina zisanapse kuzitaya pansi kuti zotsalazo zikome. Tsiku loyamba ndinadandaula ndithu kuona chakudya chikutayidwa chonchija. Koma mukalawa kamphesa ka kumtundako ndi ka mmunsi simungafunsenso. Komanso De Doorns mwatchulayo zambiri ndi mphesa zodya, za mu shopu zija, si za vinyo.

Kapitawo77
De Doorns ndikudziwa kuti ndi zodya, ndimangotchula komwe ndagwirako.

SisiWaParklands
Robertson musayinyoze tu, Four Cousins timamukonda kumudzi uja ndi wa komweko, banja la Retief pa Van Loveren. Ndipo Chardonnay wabwino ndi vinyo wa thovu amachokeranso ku Robertson chifukwa cha laimu yemwe a Mbewe akunenayo.

Nangozo_Franschhoek
Zoona sisi. Ndiwonjezere za mtengo poti ndi zomwe anafunsa. Kupatula munda palinso mgolo. Vinyo wodula wambiri amagona mu migolo ya mtengo wa oak, yambiri yochokera ku France, umodzi umalowa malita 225, ndiye kuti mabotolo 300 okha, ndipo amakhalamo chaka kapena kupitirira asanagulitsidwe. Wotchipa amawira mu thanki ya chitsulo, miyezi yochepa ali pa shelefu. Ndiye pali dzina, apo a Kapitawo sakunama kwenikweni, botolo lina mtengo wake theka ndi kutchuka kwa mwini wake. Koma kunena kuti zonse ndi dzina ayi.

China achimwene, yang'anani pakhosi pa botolo pali kasitika ka manambala. Kuyambira 1973 dziko lino lili ndi lamulo la Wine of Origin. Botolo likalembedwa kuti W.O. Stellenbosch ndiye kuti mphesa zonse zachokera ku Stellenbosch, osasakaniza. Likangoti Western Cape ndiye kuti atha kusakaniza za madera osiyanasiyana. Mtundu wa mphesa ukalembedwa, zosachepera 85 peresenti zikhale za mtundu umenewo, chaka chimodzimodzi.

Mphunzitsi_Wopuma
Mwana wanga, makasitomala ochokera kunja amakonda kufunsa mbiri, ndiye ndikupatseko pang'ono, ndinkaphunzitsa mbiri ku sekondale ndisanabwere kudzakhala ndi ana kuno.

Jan van Riebeeck anafika pa Cape mu 1652 atatumidwa ndi kampani ya Adatchi yochita malonda ku maiko a kummawa. Sanabwere kudzapanga vinyo, anabwera kudzatsegula poima zombo kuti amalinyero azipeza madzi, ndiwo zamasamba ndi nyama, chifukwa ambiri ankafera panyanja ndi matenda otupa nkhama aja obwera posowa zakudya zaziwisi. Mipesa yoyamba inadzalidwa mu 1655 ndipo pa 2 Febuluwale 1659 anafinya vinyo woyamba, tsikulo analilemba yekha m'buku lake. Ndi chifukwa chake mumaona 1659 paliponse. Vinyo wa masiku amenewo sanali wabwino, alimi ake sankaidziwa ntchitoyi.

Amene anasintha zinthu ndi Simon van der Stel. Anakhazikitsa Stellenbosch mu 1679, dzina la tauniyo ndi lake lomwe, ndipo mu 1685 anapatsidwa malo kuseri kwa Table Mountain n'kuwatcha Constantia. Mu 1688 kunafika Afalansa othawa kwawo chifukwa cha chipembedzo, ma Huguenot, anali Apulotesitanti ndipo mfumu ya France inali itachotsa lamulo lowateteza. Anapatsidwa malo ku chigwa chomwe lero tikuti Franschhoek, kutanthauza ngodya ya Afalansa, ndiye mwaona mafamu a kumeneko maina ake La Motte, Cabrière, komanso maina a mabanja monga Du Toit, De Villiers, Le Roux.

Banja la Cloete litagula Groot Constantia mu 1778, vinyo wotsekemera wa pamenepo anatchuka mpaka m'nyumba za mafumu ku Ulaya. Napoleon ali pa ukaidi pa chilumba cha St Helena ankamwa ameneyo. Klein Constantia inayambanso kumupanga mu 1986, ndi uja wa kabotolo kopindika kolembedwa Vin de Constance, ngati ali pa menyu yanu nkhani yake ndi imeneyi.

Tchona1998
Aphunzitsi mwafotokoza bwino koma mwadumpha anthu. Van der Stel anagwirapo khasu? Cloete anapondapo mphesa? Minda imeneyo inalimidwa ndi akapolo, ochokera ku Madagascar, ku India, ku zilumba za Indonesia ndi ku Mozambique konkuno kufupi ndi kwathu, ndipo malowo anali odyetserako ziweto a Akhoikhoi. Pa mafamu akale aja mukaona kachipilala koyera kokhala ndi belu pamwamba, alendo amajambulitsapo zithunzi paja, linali belu loitanira akapolo ku ntchito. Ine ndinagwirapo ntchito ya m'dimba pa famu ina yotero, tsiku lililonse ndinkatchetcha kapinga mozungulira belu limenelo ndipo mtima sunkakhala mmalo.

Mphunzitsi_Wopuma
Simukulakwa a Tchona, ndinali ndisanafikepo. Ukapolo unathetsedwa pa Cape mu 1834 koma anthuwo anakakamizidwa kugwirabe kwa mabwana omwewo mpaka 1838, ndipo atamasulidwa analibe malo awoawo, ambiri anabwerera pa mafamu omwewo. Apa mpamene dop inazika mizu, kulipira wantchito ndi vinyo wotchipa, kangapo pa tsiku, ngati gawo la malipiro. Lamulo linaletsa m'zaka za m'ma 1960 koma mafamu ena anapitiriza mpaka m'ma 1990.

MayiWaAwiri
Za dop zo zotsatira zake zilipobe mpaka lero. Ine ndimasamalira ana pa kreshi ina ku dera la mafamu, ndipo pali ana ena ukangowaona umadziwa, kathupi kochepa, kamlomo ka mmwamba kopyapyala, zaka 5 koma kulankhula kukuvuta, ukamuphunzitsa lero mawa waiwala. Anavulazidwa ndi mowa ali m'mimba. Madera a Western Cape ndi Northern Cape ali m'gulu la malo amene vutoli ndi lalikulu kwambiri pa dziko lonse. Amayi ake sikuti ndi oipa mtima ayi, agogo awo ankamwetsedwa pa ntchito, makolo awo chimodzimodzi, iwo anabadwira momwemo. Ndiye ndikamamva za vinyo wa R1,400 ndimaganiza za ana amenewa.

Mlaliki_wa_Khayelitsha
Ndi chifukwa chake ine ndikuti mnyamatayu asiye ntchito imeneyo. Mkhristu sangamathirire anthu mowa. Ntchito zilipo zina.

Dalaivala_N1
Zilipo kuti abusa? Mumupatsa inuyo? Munthu wavutika miyezi isanu kuti afike apa.

Nachisale_CCAP
Abusa, ine sindimwa ndipo sindinamwepo, koma kumuuza mwana kuti asiye ntchito kunja kuno opanda pogwira si chilungamo. Ali ndi lendi, ali ndi makolo ku Ntcheu akudikira feteleza. Komanso mukudziwa kuti amishoni amene anayambitsa Mvera mu 1889, a A.C. Murray ndi a T.C.B. Vlok, anatumidwa ndi mpingo wa Dutch Reformed wa konkuno ku Cape? Sinodi yathu ya Nkhoma mizu yake ili kuno, ndipo sukulu yawo ya ubusa ili mu Stellenbosch momwemo pakati pa minda ya mphesa. Sindikuti ndiye tizimwa, ndikungoti nkhaniyi si yophweka ngati mmene mwailembera.

Mlaliki_wa_Khayelitsha
Amishoni anabweretsa Mawu, sanabweretse botolo.

Mphunzitsi_Wopuma
Botolo linatipeza kudzera kwina, liwu loti vinyo lenilenilo tinabwereka kwa Apwitikizi, iwo amati vinho. Koma tiyeni tisamusiye mwanayu panjira, ali ndi masabata awiri okha.

Mnyamata_wa_Tsangano
Abusa ndamva nkhawa yanu ndipo sindikunyoza, koma ntchitoyi ndiyigwira. Aphunzitsi pitirizani, nanga zitatha za Constantia zija chinachitika ndi chani? Manijala amatchula KWV kawirikawiri ine osadziwa kuti ndi chani.

Mphunzitsi_Wopuma
Angelezi atalanda Cape mu 1806 anadzatsitsa msonkho wa vinyo wa kuno polowa ku Britain, alimi anadzala mipesa yambiri n'kulemera. Koma cha m'ma 1860 Britain inagwirizana ndi France n'kutsitsanso msonkho wa vinyo wachifalansa, msika wa Cape unagwa. Tsoka silinathere pomwepo, mu 1886 kunapezeka kachilombo kotchedwa phylloxera, kangati nsabwe za mbewu koma kamadya mizu, kanali katawononga kale minda ya ku Ulaya. Minda inauma. Mankhwala ake anapezeka kuti ndi kumezanitsa, monga timachitira ndi mango, mizu ya mpesa wa ku America womwe kachilomboko sikaupha, pamwamba n'kulumikizapo mtundu womwe ukufuna. Mpaka lero pafupifupi mpesa uliwonse mukuuona ndi womezanitsa, ndipo nazale zambiri zili ku Wellington.

Atadzalanso anadzala mopitirira muyeso, vinyo anachuluka osowa wogula, ena ankangomutaya. Ndiye mu 1918 alimi anapanga koparetivi ya KWV ku Paarl. Boma linadzaipatsa mphamvu zoika mtengo wotsikitsitsa, ndipo kenako kota, ngati kota ya fodya kwathu, wopanda kota sungalime. Mlimi ankalipidwa potengera kuchuluka, ndiye ndani akanavutika ndi kukoma? Mphesa zambiri zinkangothera ku burande. Onjezani kuti nthawi ya tsankho maiko ambiri anakana kugula katundu wa dziko lino, opanga vinyo anatsalira mmbuyo osadziwa zomwe anzawo akuchita kunja. Kota inathetsedwa mu 1992, misika inatseguka Mandela atatuluka, ndipo paja ndende yomwe anatulukira pa 11 Febuluwale 1990, Victor Verster, ili pakati pa Paarl ndi Franschhoek, minda ya mphesa mbali zonse. Kuyambira apo anthu anayamba kudzala kumalo ozizira ngati Elim. Ndiye ngakhale amati zaka zoposa 360, madera ena pa menyu yanuyo ndi a dzulodzuloli.

Dalaivala_N1
Kota ya fodya mwatchulayo yandikumbutsa bambo anga ku Kasungu, anali tenanti pa esiteti, chaka chonse kudya ngongole ya chimanga kwa bwana, pogulitsa fodya n'kuuzidwa kuti palibe chotsala. Ndikamaona nyumba za antchito pa mafamu a kuno ndimaona zomwezo, ntchito ikatha nyumbanso yatha.

Kapitawo77
Apo nde mwanena a Dalaivala. Ine ndinalipo nthawi ya sitalaka ya De Doorns mu Novembala 2012, ndinali ndangofika kumene. Anthu ankalandira R69 pa tsiku, ankafuna R150, N1 inatsekedwa, minda ina inayaka. Boma linadzakweza kufika R105 mu Malichi 2013. Nde mukamati dothi, mphepo, nyanja, ine ndimaona msana wanga. Nthawi yokolola 5 koloko mmawa uli kale mu mzere, kasizasi mmanja, kreti pansi, kuwerama tsiku lonse poti mphava zimabisala mmunsi mwa masamba, madzi a mphesa amamata mmanja mpaka sizasi kukanirira, njuchi ndi mavu zili pompo, kreti ikadzadza uyisenze kuthamangira ku thirakitala akudinde, ubwerere. Ikamakwana 11 dzuwa la ku Breede limakhala ngati la ku Chikwawa. Mu Julayi kudulira, mvula ili pamsana zala zitauma ndi chisanu, nthambi iliyonse kusiya maso awiri, ukalakwitsa wawononga zokolola za chaka chamawa. Ntchito imeneyi ndi ya luso koma pa botolo sipalembedwa.

Nangozo_Franschhoek
A Kapitawo apa sinditsutsa ngakhale liwu limodzi. Koma taonani zomwe mwanena nokha, ukalakwitsa kudulira wawononga zokolola. Ndiye kuti mphesa si mphesa chabe, dzanja lanu limasintha zomwe zili mu botolo. Chomwe chikulakwika ndi malipiro anu, osati kuti kusiyanako kulibe.

Kapitawo77
Mwina. Koma ndalama ya kusiyanako sifika kwa ine.

WaKuMzimba_Worcester
Pepani ndilowetse zina, alipo akudziwa ngati mafamu a ku Rawsonville ayamba kulemba anthu a sizoni? Mlamu wanga akufuna abwere mu Januwale.

Mbewe_Robertson
Amayamba kulemba Disembala kumapeto, kukolola kwenikweni ndi Januwale kumapeto mpaka Malichi, kwina Epulo. Koma awuzeni asabwere opanda mapepala, ndipo asamale ndi ma broker ena, ine wina anandidya masabata awiri athunthu n'kuzimitsa foni. Komanso adziwe kuti sizoni ikafika mikangano ya ntchito imabuka, mu 2009 anzathu a ku Zimbabwe anathamangitsidwa mmakomo ku De Doorns n'kukagona pa bwalo la masewero, mu 2022 ku Nkqubela konkuno ku Robertson kunalinso ziwawa. Abwere ali ndi pofikira podziwika.

WaKuMzimba_Worcester
Yewo a Mbewe, ndimuuza.

Mnyamata_wa_Tsangano
Ndibwerere ku menyu pang'ono akulu. Pali Pinotage, alendo ochokera ku Germany dzulo amafunsa ameneyu yekhayekha. Ndi wa dera liti?

SisiWaParklands
Pinotage si dera achimwene, ndi mtundu wa mphesa, ndipo ndi wobadwira konkuno nchifukwa chake alendo amamufuna. Mu 1925 pulofesa wa pa yunivesite ya Stellenbosch, Abraham Perold, anakwatitsa mitundu iwiri, Pinot Noir ndi Cinsaut. Cinsaut kuno ankamutcha Hermitage, nde Pinot ndi Hermitage n'kukhala Pinotage. Anangodzala njere zinayi pakhomo pomwe ankakhala, kenako anasamuka kukagwira ku KWV n'kuzisiya, zinatsala pang'ono kuzulidwa ndi anthu olambula pamalopo, mphunzitsi wina wachinyamata ndi amene anazipulumutsa. Botolo loyamba kulembedwa dzina limeneli linali la Lanzerac, vinyo wa 1959. Mlendo akafuna wabwino muwonetseni Kanonkop wa ku Simonsberg ngati muli naye. Ena amadana naye amati amanunkha ngati tayala lopsa, zinkachitikadi ndi opangidwa mosasamala, koma wopangidwa bwino ndi nyama yootcha simungamusiye.

Nangozo_Franschhoek
Koma ine mukandifunsa vinyo weniweni wa dziko lino ndinena Chenin Blanc, osati Pinotage. Ndi mphesa yodzalidwa kwambiri kuno, kuposa ku France komwe inachokera. Akuluakulu ankaitcha Steen osadziwa kuti ndi Chenin mpaka m'ma 1960. Zaka zonse zija inkangopita ku burande ndi ku bokosi. Ndiye ku Swartland kunali minda yakale, mitengo yopanda waya yongoima payokha ngati zitsamba, yosathiriridwa, eni ake akufuna kuizula poti imabereka pang'ono. Anyamata ena monga Eben Sadie, amene anayamba vinyo wake wa Columella mu 2000, anaona kuti chuma chili mu minda yonyozekayo. Lero Swartland ili pa menyu iliyonse yodula. Mukaona kasitika kolembedwa Certified Heritage Vineyards ndi chaka, ndiye kuti mitengoyo yapitirira zaka 35 ndipo chakacho ndi chomwe inadzalidwa. Nthawi ya chilala chija tinkapimiridwa malita 50 pa munthu mu 2018, mitengo yakale ya mizu yakuya ija inapirira bwino kuposa yambiri yozolowera kuthiriridwa.

SisiWaParklands
Chenin ndi wabwino koma mlendo wa ku Germany sanakwere ndege kudzamwa mphesa ya ku France mayi. Mupatseni Pinotage kaye.

Nangozo_Franschhoek
Mupatseni onse awiri, tipi ikwera.

AchimweneAkuArea25
Ine ndili ku Lilongwe ndikungowerenga. Bwanji kwathu kuno sitilima mphesa za vinyo, Dedza ndi Nyika kumazizira bwino bwino?

Mbewe_Robertson
Kuzizira kokha sikokwanira akulu. Mpesa umafuna ugone nthawi yachisanu masamba onse atayoyoka, kenako upse kukuuma. Kwathu nthawi yoti mphesa zipse ndi yomwe mvula ili pachimake, chinyezi chimabweretsa chiwawu ndi kuola. Kuno ngakhale kukhale chinyezi pali mphepo ija amaitcha Cape Doctor, imachokera kummwera chakummawa ngati mwera wa kunyanja kwathu koma iyo imawomba chilimwe, imaumitsa masamba matenda osagwira. Nthawi zina imakula mpaka kuthyola nthambi zanthete.

AchimweneAkuArea25
Ndamva. Nde tizingolimbikira wa zipatso, a Linga kuno amapanga wa jambula ndi wa chidede.

Tchona1998
Funso langa ndi loti pa mafamu onsewa ndi angati ali mmanja mwa anthu akuda? Zaka 30 zadutsa chithereni tsankho, malo akadali kwa omwewo.

SisiWaParklands
Malo ndi ochepa kwambiri a Tchona, izo nzoona, ambiri akuda amene ali ndi dzina pa botolo amachita kugula mphesa kwa ena n'kubwereka mosungira. Koma anthu alipo. Ntsiki Biyela wa ku KwaZulu-Natal anapita ku Stellenbosch pa sikolashipu asanalaweko vinyo chibadwire, maphunziro ake ali mu Afrikaans chilankhulo chomwe sankachimva, mu 2004 anakhala mayi woyamba wakuda kupanga vinyo mdziko muno, pano ali ndi wake Aslina, dzina la agogo ake. Ndipo achimwene a ku Tsangano mumve izi, Joseph Dhafana wa ku Zimbabwe anayamba ndi ntchito ya m'dimba ku Riebeek-Kasteel, kenako kutsuka mbale, kenako uweyitala. Mu 2017 iye ndi anzake atatu anakaimira Zimbabwe ku France pa mpikisano wolawa vinyo osaona botolo. Mmodzi wa iwo Tinashe Nyamudoka ali ndi vinyo wake Kumusha, m'Chishona ndiye kuti kumudzi. Anayambira pomwe mwaima inupo.

Tchona1998
Anthu anayi asanu sasintha nkhani ya malo sisi. Koma mnyamatayu alimbikire, izo sindikana.

Mnyamata_wa_Tsangano
Ndabweranso akuluakulu. Dzulo titatseka ndinapempha wa pa bala kuti andithirire pang'onopang'ono Sauvignon Blanc awiri, wina wa Elgin wina wa ku Breede, osandiuza kuti uyu ndi uti. Woyamba ananditsitsa malovu ngati ndaluma bwemba, fungo lake ngati masamba a tomato ukawafikisa mmanja. Wachiwiri anali wofewa, fungo ngati gwafa wakupsa. Ndinati woyambayo ndi wa kozizira ndipo ndinalondola. Koma chinthu china sindikumvetsa, wofiira ndi woyera, ndiye kuti mphesa zakuda madzi ake ndi ofiira?

Mbewe_Robertson
Ayi, finyani kamphesa kakuda muone, madzi ake ndi oyera. Mtundu umachokera ku makoko. Wofiira amawiritsa pamodzi ndi makoko ndi njere masiku angapo mpaka masabata, ndi zomwenso zimapereka kukhakhala kuja kumagwira mkamwa ngati wamwa tiyi wowirira wopanda mkaka. Woyera amafinya n'kutaya makoko nthawi yomweyo. Wa pinki amangosiya makoko maola ochepa. Yisiti imadya shuga wa mu mphesa n'kusanduka mowa, shuga akatha yense ndi amene amati dry.

Nangozo_Franschhoek
Mwayamba bwino achimwene. Tsiku la mayeso kumbukirani kuwonetsa botolo kaye musanatsegule, tchulani dzina, dera ndi chaka, thirani pang'ono kwa amene waitanitsa. Akanunkhiza n'kunena kuti lawonongeka musakangane naye, nunkhizani nanunso, likamamveka ngati katoni yonyowa ndiye kuti chotsekera chaliwononga, kasintheni. Ndipo wa thovu wa kuno musamutche Champagne, dzinalo ndi la ku France kokha, kuno ndi Cap Classique, woyamba anapanga ndi Frans Malan wa pa Simonsig mu 1971.

Kapitawo77
Mphwanga, za malovuzo sindikudziwa, ine sindinathiridwepo awiri kuti ndisiyanitse. Koma ngati ukufunadi kudziwa chomwe ukugulitsa, Febuluwale ukapeza ofu ubwere kuno ku Rawsonville udzaone mmene chimachokera. Ukwere za ku Worcester pa Bellville madzulo, udzagona kwanga, mmawa ndidzakupempherera kwa kapitawo mnzanga ulowe nawo mu mzere ngakhale maola atatu.

Mnyamata_wa_Tsangano
Ndibwera akulu, ofu yanga imakhala Lolemba. Ndidzatenge chani?

Kapitawo77
Chipewa, botolo la madzi ndi nsapato zotseka, mphiri zimakonda kugona pansi pa mipesa. Sizasi ndidzakubwereka yanga yakale. Lamlungu lakelo udzandiimbire ukamanyamuka.